Tsitsi la mwana woopa chipeso

Mayi, mwafunsa masitayilo osavuta a mwana wanu wa zaka 4 amene amalira mukangogwira chipeso. Yambani ndi timipira: gawani tsitsi m'zigawo 4 kapena 6, chilichonse muchimange ndi kamphira kofewa. Kupota tizingwe tiwiritiwiri nakonso n'kophweka, ndipo kumatha sabata osasokonekera.

Komatu nkhani yagona pa kapesedwe. Tsitsi louma musalipese ayi. Liwazeni madzi, pakani mafuta pang'ono, ndiye muyambire kunsonga kutsikira kumizu ndi chipeso cha mano otalikirana. Pamphumi ndi m'mbali musakoke kwambiri. Mukaona timatuza pakhungu, masulani msanga, tsitsi lapamenepo silichedwa kuthothoka.

Zoluka mizere zidikire kaye mpaka azitha kukhala phee. Pogona muzimumanga kansalu koterera kumutu.