Maimelo akuchoka pa seva ya kunyumba koma sakufika

Wowerenga wina wandilembera kuti anaika Postfix, pulogalamu yotumiza ndi kulandira maimelo, pa kompyuta yakale m'chipinda mwake. Kulandira akulandira bwinobwino, koma akatumiza ku Gmail, maimelo ena akubwerera, ena akungokakamira pamzere. Akufunsa kuti walakwitsa pati.

Anzanga, mtima m'malo. Mwina palibe chimene mwalakwitsa. Vuto lagona pa IP, nambala yodziwikira pa intaneti, imene kampani ya intaneti inakupatsani.

Tsegulani /var/log/mail.log, fayilo imene Postfix imalembamo zochitika. Mukaona "Connection timed out" pa port 25, khomo limene maseva amapatsirana maimelo, ndiye kuti kampaniyo inatseka njira. Makampani ambiri amatero kwa makasitomala a m'nyumba, chifukwa makompyuta ogwidwa ndi ma virus amasanza spam usana ndi usiku eni ake osadziwa.

Koma mukaona 550 5.7.25, Gmail ikudandaula za PTR, cholembedwa chimene chimanena dzina la IP. Imeneyi inandiliza ine, milungu itatu ndikusinthasintha main.cf, fayilo ya makonzedwe a Postfix, pachabe. Seva yolandira imafunsa kuti IP iyi dzina lake ndani. Yankho liyenera kukhala dzina la seva yanu, ndipo dzinalo likafufuzidwa libwerere ku IP yomweyo. PTR simungailembe nokha. Amalemba ndi mwini IP, yemwe ndi kampani ija, ndipo pa laini ya kunyumba kawirikawiri salola. Tsono ma IP ambiri a m'nyumba ali kale pa mndandanda wa PBL wa Spamhaus, bungwe lolimbana ndi spam. Sikuti munapalamula ayi, mndandandawo umangonena kuti manambala amenewa sayenera kutumiza imelo mwachindunji.

SPF, DKIM ndi DMARC, njira zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa inu, zikonzeni ndithu. Kuyambira Febuluwale 2024, Gmail imafuna kuti aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM. Kungoti zitatuzi sizitsegula port yotsekedwa.

Seva yanu musaigwetse, ndimakondwa kuona munthu akusunga makalata ake yekha. Izilandirabe pakhomopo, koma potumiza izidzera kwa ena. Mu main.cf lembani relayhost yoloza ku kampani yotumizira anthu maimelo, pa port 587, ndi dzina ndi password zimene akupatseni, kenako muwonjezere kampaniyo mu SPF yanu. Mukasankha kubwereka VPS, seva ya lendi ya pa intaneti, funsani musanalipire ngati port 25 ndi yotsegula komanso ngati amalola kulemba PTR.

Mukamaliza, dzitumizireni imelo ku Gmail, mudine "Show original", muone ngati pa SPF ndi DKIM palembedwa PASS. Zikakanikabe, nditumizireni mizere ya mu log ija tiione limodzi.