Pampu yathu inawonongeka flow switch ili pomwepo

Achimwene, musamvere amene akukuuzani kuti overload ya mota, kachipangizo kozimitsa mota ikakoka magetsi ochuluka kwambiri, ndi yokwanira kuteteza pampu yanuyo, chifukwa pampu ikamazungulira popanda madzi mota imakoka magetsi ochepa kuposa masiku onse, ndipo overload siona vuto lililonse. Ine zinandionekera pa pampu ya 15 kW imene inkatumiza madzi oziziritsa makina pafakitale.

Usiku umenewo sefa ya paipi yokokera madzi inatsekeka ndi zinyalala. Pamene ndinkafika, pampuyo inali ikulira ngati mwalowa miyala, fungo la labala wopserera lili thoo m'chipinda monse, ndipo nditaikhudza ndinabweza dzanja msangamsanga chifukwa cha kutentha. Mechanical seal, chotchinga choletsa madzi kutuluka pamene shaft (chitsulo chozunguza pampu) imalowera, imadalira madzi omwewo kuti mbali zake ziwiri zisamakhulane zouma, choncho yathuyo tinaipeza kaboni wake atanyenyeka ngati makala, ndipo titabwezeretsa madzi anayamba kuchucha motsatira shaft mpaka ku ma bearing. Chimene chimandiwawabe mpaka lero n'chakuti flow switch, kachipangizo kozimitsa pampu madzi akasiya kuyenda m'paipi, inalipo. Nditatsegula bokosi la magetsi ndinapeza kawaya kolumikiza mbali ziwiri za switchyo kuti isamagwire ntchito, kamene kontilakitala wina anaikapo ati chifukwa inkazimitsa pampu pafupipafupi. Chonsecho wolakwa anali iye mwini, popeza switchyo anaimangirira pafupi ndi pokhota paipi pamene madzi amavunduka, m'malo mosiya paipi yowongoka, yotalika kasanu kukula kwa paipiyo, kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Sanauze munthu aliyense, ndipo mlandu wonse unagwera ine pamaso pa mabwana, iye atalandira kale ndalama zake.

Ikani flow switch ndithu, pamodzi ndi timer ya masekondi 10 kapena 15 kuti switchyo idikire madzi ayambe ayenda kaye mukangoyatsa. Pressure switch, imene imayeza mphamvu yokankha ya madzi m'paipi, musaidalire payokha, chifukwa munthu akatseka valavu yotulutsira madzi mphamvu ya madziyo imakhalabe yokwera pomwe madzi akungozungulira m'kati mpaka kuwira. Pamenepo pamafunika kapaipi kobwezera madzi pang'ono ku thanki. Komabe ndisakunamizeni, pochotsa mpweya m'mapaipi nanenso ndimailambalala switchyo kwa kanthawi, kungoti sindichoka pamalopo ndisanachotse wayayo ndi dzanja langa. Sefa ija tsopano ndimaitsegula ndekha mlungu uliwonse, ngakhale wina atanena kuti waitsuka kale.