Azakhali, filijiyo asaitenge kaye

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ife kuno ku Ntcheu tili bwino, kaya inu ndi chisanu cha ku Dedzako. Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'denga kwa kasitomala wina kukoka mawaya, foni ndinaisiya m'chikwama. Uthenga wanu ndaumvera kawiri kuti ndimvetse bwino. Mwati filiji ija ya zitseko ziwiri yasiya kugwira ayisi kuyambira Lachiwiri. Getsi la mkati likuyaka ndithu mukatsegula, mkaka wa pansi sunasase, koma kumtunda kuja ayisi wasungunuka ndipo nyama ya mbuzi ija yayamba kufewa. Mwatinso mnyamata wina wa kumsika wangoisuzumira n'kunena kuti gasi watha, abwera mawa kudzaitenga. Ndikuyankhira pagulu la WhatsApp pano dala kuti ena amve nawo, chifukwa funso lomweli achemwali a ku Balaka anandifunsanso chaka chatha.

Tiyambe ndi nyamayo, chifukwa filiji ikhoza kudikira koma nyama siidikira. Igwireni ndi dzanja. Ngati pakati pake pakadali polimba ndipo mukuonabe tiayisi, ikulungeni bwino mukapemphe malo mufiliji ya aneba lero lomwe. Ngati yafeweratu koma ikadali yozizira ndipo fungo lake ndi la nyama basi, iphikeni lero, ipse bwinobwino, ina muiwambe pamoto monga ankachitira agogo ku Bembeke. Koma ngati yayamba kuterera m'manja kapena kafungo kasintha, Azakhali, musaimvere chisoni, itayeni. Ndikudziwa kuti mbuzi yadula, koma m'nyumbamo muli zidzukulu zazing'ono. Chitseko cha kumtundacho musamangochitsegula kuti muone ngati yayambanso. Kuzizira kotsalako kumathawira pomwepo.

Tsopano za gasi. Chonde mnyamatayo asaitenge kaye. Sindikumunena kuti ndi wakuba ayi, mwina ndi mmene anaphunzirira. Koma gasi wa mufiliji sali ngati gasi wophikira uja timakadzazitsa akatha. Ameneyu amangozungulira m'mapaipi otsekeka, chaka ndi chaka, yemweyo. Filiji ikhoza kukhala zaka 15 osathiridwa gasi ngakhale kamodzi. Akatha ndiye kuti penapake pabooka, ndipo munthu akangothira wina osapeza pobookapo n'kuwotcherera, pakapita milungu ingapo mubwereranso pomwepa, ndalama zitapita. Munthu sangadziwe kuti gasi watha pongotsegula chitseko. Getsi loyakalo likungotiuza kuti magetsi akufika mufilijimo, basi. Silikutiuza kanthu za injini yake.

Ndiye muitaneni msuweni wanga Chikondi, inu musagwade ndi mawondo anuwo. Aikoke filijiyo pang'ono kuchoka kukhoma, ayang'ane kumbuyo chapansi. Aona chinthu chakuda chozungulira ngati kam'phika kovundikira, chotuluka timapaipi. Imeneyo ndiyo kompuresa, ndiyo imapopa gasi. Asagwire mawaya, angoika chikhatho pamwamba pake mosamala chifukwa nthawi zina imatentha kwambiri, ndiye akhale chete amvetsere kwa mphindi 10. Wailesi muizimitse. Ndikufuna ndidziwe ngati ili zii ndipo ndi yozizira, kapena ikumalira pang'ono n'kuti tcha n'kusiya, kapena ikungolira osapuma.

Ine mtima wanga ukundiuza kuti muipeza ili zii, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake. Pamene ndinabwera pa Pasaka paja, filijiyo ndinaipeza pakhonde la kuseri lija, lotchinga ndi waya wa sefa, munati mwaitulutsa kuti pabalaza papezeke malo a mipando yatsopano. Nthawi imeneyo kunali kofunda, sinavute. Koma pano ndi July, ndipo Dedza mukuidziwa nokha, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'mawa madzi a mumtsuko amachita kuluma mano. Anthu ambiri amadabwa ndikawauza kuti filiji ikhoza kusiya kugwira ayisi chifukwa cha kuzizira kwa panja, koma zimachitika ndithu.

Mafiliji ambiri a zitseko ziwiri ngati yanuyo ali ndi kompuresa imodzi ndi thermostat imodzi. Thermostat ndi kaja kokhala ndi manambala kamene mumapotokola mkati, pafupi ndi getsi. Ntchito yake ndi kumva kutentha kwa chipinda cha pansi, kumene mumaika mkaka ndi masamba. Kukafunda kumeneko imadzutsa kompuresa, kukazizira mokwana imaigoneka. Chipinda cha pansi chimangofuna madigiri 4 kapena 5. Koma cha kumtunda chimafuna madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo kuti chifike pamenepo kompuresa iyenera kumadzuka pafupipafupi. Tsono pakhonde panupo usiku kukazizira kwambiri, chipinda cha pansi chimakhala chozizira chokha popanda thandizo. Thermostat imaona ngati ntchito yatha, kompuresa imagona maola ambiri, kumtunda kuja ayisi n'kumasungunuka pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mawu anu aja oti mkaka sunasase ndawagwira kwambiri. Gasi akanakhala kuti watheratu, pofika lero pansi pomwe pakanafunda masana.

Chikondi ayang'anenso kapepala komatidwa mkati mwa filiji cham'mbali, kapena kumbuyo. Pali malo olembedwa zilembo, SN, N, ST kapena T. Zilembo zimenezo zimanena nyengo imene filijiyo anaipangira. Ya SN imagwira bwino kuyambira madigiri 10 kukafika 32. Ya N ndi 16 mpaka 32, ya ST 16 mpaka 38, ya T 16 mpaka 43. Ambiri amene amagulitsidwa kuno ndi a ST ndi T, opangidwira kotentha ngati ku Salima kapena ku Golomoti kumusi kuja. Madigiri 16, ku Dedza, usiku wa July, pakhonde? Sakwana n'komwe.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Choyamba onani kuti kamanambala kaja kali pati, chifukwa nthawi zina poto amakagunda polowetsa, kapena mwana wakapotokola n'kukasiya pa 0. Kapotokoleni kafike pa nambala yaikulu, 5 kapena kuposa. Mukamva kuti tcha, kompuresa n'kuyamba kulira, pakapita ola limodzi khoma la mkati kumtunda kuja layamba kuyera ndi chisanu, dziwani kuti gasi alimo ndipo injini ili moyo. Zikatero ibwezereni m'nyumba basi, ngakhale pakona ya pabalaza pafupi ndi khitchini, bola pasakhale pafupi ndi mbaula. Mipandoyo ifinyane pang'ono mpaka September.

Koma mwina ndaphonya, tiyeni tionenso zinazo. Ngati Chikondi amva ikulira kuti mmm kwa kanthawi kochepa, kenako tcha, zii, pakapita mphindi zingapo ibwerezanso chimodzimodzi, ndipo kompuresayo ikutentha koopsa, izimitseni pakhoma nthawi yomweyo. Ikuyesa kudzuka koma ikulephera, ndipo mukaisiya ikuvutika chonchi ipsa. Kawirikawiri wolakwa amakhala relay, kabokosi kakang'ono kokhala m'mbali mwa kompuresa kamene kamaikankha podzuka. Kakapsa, ukakachotsa n'kukagwedeza kamalira ngati muli timiyala. Ndi kachinthu kotchipa poyerekeza ndi kompuresa yatsopano, ndipo kusintha kwake sikufuna kunyamula filiji kupita nayo kulikonse. Koma zimenezo musatsegule nokha, mundisiyire.

Kulira komweko kumabweranso magetsi akakhala ofooka. Filiji imafuna mavoti 230. Madzulo aliyense akayatsa zophikira, mukaona mababu akuwala mofiirira, kompuresa imalephera kunyamuka. Ndipo ndikukumbuka chingwe chija munakokera pakhondepo, ekisitenshoni yoyera yopyapyala ija, yomwe mumalumikizanso ketulo ndi ayironi. Ija siyabwino kwa filiji. Gwirani pulagi yake muone ngati ikutentha kapena yada m'mano mwake. Filiji izikhala ndi soketi yakeyake pakhoma. Ndikabwera ndikubweretserani fridge guard, kaja kolowetsa pasoketi kamene kamadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri, ndipo akabwera atazima kamayamba kadikira mphindi zingapo kasanayatse filiji. Panopa, magetsi akazima muzithimitsa pakhoma, akabwera mudikire mphindi 5 musanayatse. Kompuresa ikangozima n'kuyatsidwanso pompo imalimbana ndi mphamvu ya gasi amene sanakhazikike m'mapaipi.

Tsopano ngati ikungolira usana ndi usiku osapuma koma osagwira ayisi, apo ndiye nkhani ya gasi ikhoza kulowa, komabe pali zoyamba kuona. Chikondi agwire zitsulo zakuda zija zokhala ngati sefa kumbuyo. Ngati yanuyo ilibe, agwire m'mbali mwa filiji kunja, chifukwa ena mapaipiwo anawabisa mmenemo. Pakuyenera kukhala pofunda. Pakafunda ndiye kuti gasi akuyenda. Ngati zitsulozo zakutidwa ndi fumbi ndi ukonde wa akangaude, azimitse, apukute ndi kansalu kouma, ndipo poibwezera asiye mpata wokwana chikhatho pakati pa filiji ndi khoma. Ayang'anenso ngati makoswe sanadye mawaya pansipo, pakhonde sipalephera. Kenako labala wa chitseko. Tengani pepala la m'kope, mulipanitse ndi chitseko, mulikoke. Likamatuluka mosavuta ndiye kuti labalayo sakugwira, mpweya wofunda ukulowa. Yesani m'makona onse, makamaka apansi. Nthawi zina kungomutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo amabwerera m'malo.

Koma kompuresa ikamalira kwa ola lathunthu zitsulo za kumbuyozo zili zozizira, kapena mukaona ayisi wagwira pakona imodzi yokha kwina konse kuli madzi, kapena pampaipi pena pali ponyowa ndi mafuta, pamenepo ndivomera kuti pabooka, kapena kompuresa yatopa siikupopanso.

Ndiye pali funso limodzi, Azakhali, mufunse bwinobwino m'nyumbamo mosakalipa, kuti anthu anene zoona. Kodi alipo amene anagoba ayisi ndi mpeni? Ndikufunsa chifukwa cha zomwe ndinaona ku Lizulu mwezi wa March. Mayi wina wogulitsa mafilizesi kwa ana a sukulu anandiitana kuti filiji yafa mwadzidzidzi. Nditayang'ana pansi pa chipinda cha ayisi ndinaona kachibowo kakang'ono ngati ka singano, m'mbali mwake muli mikwingwirima ya mpeni. Mwana wawo wamkazi, wa Fomu 2, anaima pakhomo akupotokola chitenje, misozi ili m'maso. Anati nyama inamatirira pansi, iye anafuna kuimatula kuti aphike msanga mayi asanabwere kuchokera kumsika, ndiye anangomva kuti fyii, kamphepo kozizira kakumuwomba padzanja. Anatseka chitseko osauza munthu masiku atatu. Ndinamumvera chisoni mwanayo, anafuna kuthandiza. Mapaipi a gasi amadutsa m'chitsulo chopyapyala chomwecho chimene ayisi amamatirirapo, mpeni ukangoterereka pang'ono basi zatha. Ayisi akachuluka, zimitsani filiji, siyani chitseko chotsegula, ikani poto wa madzi ofunda mkatimo, asungunuke yekha.

Ngati zimenezi zachitika kwanuko, onani pakapepala kaja kapena pakompuresa pomwe, palembedwa mtundu wa gasi. Mafiliji akale ambiri ndi R134a, atsopanowa ambiri ndi R600a. Wa R600a amayaka moto. Ndi wochepa mufilijimo, komabe mbaula, kandulo ndi machesi zikhale kutali ngati mukukayikira kuti pabooka, ndipo wokonza ayenera kuthira gasi wa mtundu womwewo, pamuyeso wolembedwa pakapepalapo. Osati aliyense amene ali naye m'botolo tsiku limenelo.

Za mafiliji aja osagwira ayisi m'makoma, okhala ndi fani mkati, ngati ya achemwali a ku Balaka, sindichulukitsa chifukwa yanu si yotero. Amenewo fani ikaima kapena ayisi akatseka njira ya mphepo kuseri kwa pulasitiki, kuzizira sikuyenda. Kuizimitsa tsiku lathunthu zitseko zili zotsegula kumaonetsa ngati vuto ndi limenelo.

Polowetsa m'nyumbamo anyamata ainyamule choimirira, asaigoneke. Mukompuresa muli mafuta, ikagona amalowa m'mapaipi. Ngati pakhomo pavuta n'kuipendeketsa kwambiri, ikafika pamalo pake muisiye maola 4 isanayatsidwe.

Ndiye Chikondi, msuweni, ukamva uthengawu undijambulire kapepala ka zilembo kaja, ujambulenso kumbuyo konse ndi pulagi yomwe, unditumizire pa WhatsApp pompano. Uikenso foni pafupi ndi kompuresa ujambule kulira kwake kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndimve ndekha. Mnyamata wa kumsikayo mumuuze mwaulemu kuti adikire kaye, mwana wa achimwene anu abwera adzaone. Loweruka ndikwera minibasi ya m'mawa, pofika 9 koloko ndikhala nditatsika pa boma, ndibwera ndi mita yanga yoyezera magetsi, relay ndi fridge guard. Nyama ija musaiwale, muione musanagone. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.