Msonkho wophera udzu m'nyanja: apilo imafera pa msonkhano wachiwiri

Mayi, mwalemba kuti township yanu (boma laling'ono la dera lanu) ku Michigan, ku America, ikufuna eni malo ozungulira nyanja azisonkha ndalama chaka ndi chaka, kwa zaka 5, zophera udzu wa m'madzi wotchedwa Eurasian watermilfoil. Nyumba yanu ili mzere wachiwiri, siikhudza madzi, koma akuikani mlingo umodzi ndi a m'mphepete. Munasayina chikalata chokana pamodzi ndi anzanu, ndipo alamu anu akuti mwamaliza, muzingodikira.

Alamu anuwo akusokeretsani. Lamulo la Public Act 188 la 1954 limalola township kudula dera losonkha, lomwe amalitcha special assessment district, pa ntchito ngati imeneyi. Misonkhano yomvera anthu imakhala iwiri, ndipo ntchito zake n'zosiyana. Woyamba umakamba zoti ntchito ichitike kapena ayi, ndi malire a deralo. Chikalata chanu chimagwira ntchito pamenepo basi. Eni malo opitirira 20 peresenti ya kukula kwa dera akakana molemba, bodi ya township singapitirire pokhapokha eni malo opitirira 50 peresenti atapempha okha ntchitoyo. Amawerenga maekala, osati mitu ya anthu, choncho mwini malo aakulu mmodzi akhoza kulemera kuposa nyumba khumi.

Msonkhano wachiwiri ndi wa mndandanda wa ndalama zimene aliyense alipire, ndipo milandu yambiri imafera apa. Kuti Michigan Tax Tribunal, khoti la milandu ya misonkho, idzamve apilo yanu, muyenera kukana ndalama zimene akulemberani inuyo, pa dzina lanu ndi nambala ya poloti yanu, pa msonkhano umenewu. Kukhala kumbuyo n'kumang'ung'udza sikuwerengedwa. Siginecha ya pa chikalata chija musaidalire, chifukwa inkakana ntchito, osati mlingo wanu. Mungayankhule nokha, kutuma wina, kapena kulemba kalata. Ine ndimalangiza kalata ngakhale mukapezekepo, chifukwa maminitsi a misonkhano imeneyi nthawi zina amangoti anthu anapereka maganizo, osatchula dzina la munthu. Kaperekeni kwa kalaliki msonkhano usanayambe, adinde tsiku pa kope lanu, mulisunge.

Bodi ikavomereza mndandandawo, masiku operekera apilo ayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, osati tsiku limene bilu yafika. Bilu imabwera mochedwa, kawirikawiri pamodzi ndi msonkho wa nyumba wa mu Disembala, nthawi itatha kale. Mapepala ena amatchula masiku 35, ena 30. Inu werengani 30. Ndipo wa mu ofesi akakuuzani pafoni kuti musadandaule aona zochita, dziwani kuti mawu amenewo saimitsa tsiku ngakhale limodzi. Amanena chonchi kawirikawiri, ndipo sadzakhalapo pamene mlandu wanu ukutayidwa.

Za kupambana sindingakulonjezeni. Khoti limayamba ndi kuganiza kuti township yachita bwino, ndipo umboni wotsutsa ndi udindo wanu. Pa mlandu wa Dixon Road Group ndi mzinda wa Novi mu 1986, khoti lalikulu la Michigan linati ndalama zolipiritsa zigwirizane moyenera ndi kukwera kwa mtengo wa malo chifukwa cha ntchitoyo. Kunena kuti simusambira kapena mulibe boti sikuthandiza. Chofunika ndi lipoti la katswiri woyesa mitengo ya nyumba, loonetsa mtengo wa poloti yanu ntchito itachitika ndi isanachitike. Lipotilo likhoza kudya ndalama zoposa zimene mukukanazo, ndiye werengani kaye. Nthawi zambiri chotsika mtengo n'kupempha bodi pa msonkhano womwewo kuti a mzere wachiwiri alipire gawo lochepa, monga madera ambiri amachitira.

Yang'anani pa chikalata cha umwini wa malo ngati muli ndi ufulu wofika kunyanja. Ngati mulibe, ndiye mfundo yanu yamphamvu. Konzani adiresi yanu ku ofesi ya misonkho, chifukwa chidziwitso chimatumizidwa komweko masiku osachepera 10 msonkhano usanachitike. Pemphani kuona bajeti yonse ndi chilolezo chothirira mankhwala m'madzi chochokera ku EGLE, nthambi ya boma la Michigan yoona za chilengedwe. Musasiye kulipira pamene apilo ili mkati, chifukwa ngongoleyo imamatidwa pa nyumba ngati msonkho. Onaninso mutu wa kalata imene munalandira: ngati yachokera ku lake improvement board, bodi yapadera yoona zokonza nyanja, ndiye lamulo lina, Part 309, ndipo ndondomeko yake ndi yosiyana. Kaonaneni ndi loya wa komweko sabata ino, kalatayo ili m'manja.