Uku akuti mwachulutsa, uko akuti nkhope yafa

Chemwali wina wa ku Rosettenville, kuno ku Joni, wanditumizira imelo. Masana amaluka tsitsi mu saluni, akapeza mpata amakayesa mwayi ku maodishoni a masewero a pa TV. Kwina anamuuza kuti akuchulutsa, kwina akuti nkhope yake yafa. Tsono wapeza mndandanda pa intaneti, uja wonena kuti kupinda manja ndi mkwiyo, kugwira mphuno ndi bodza, ndipo akufunsa ngati kuuloweza kungamuthandize kumvetsa zimene akatswiri a mafilimu amachita ndi matupi awo.

Chemwali, mndandandawo ufufuteni lero lomwe. Munthu amapinda manja chifukwa chakwiya, inde, komanso amapinda chifukwa ndi mu June, chisanu cha Joni chalowa m'mafupa. Mukaloweza zizindikirozo mudzayamba kuzipachika pathupi ngati zovala zobwereka, ndipo kamera imaona msanga kuti si zanu.

Cha m'ma 1920 ku Russia, wopanga mafilimu Lev Kuleshov anatenga nkhope ya katswiri wina, Ivan Mozzhukhin, ili phee yosaonetsa kanthu. Anailumikiza ndi mbale ya supu, kenaka ndi mwana ali m'bokosi la maliro, kenaka ndi mayi atagona pa sofa. Oonera anati aona njala, aona chisoni, aona chilakolako, n'kumutama katswiriyo. Nkhope inali yomweyo. Ndiye mukamaonera filimu n'kumati munthu uyu amatha, dziwani kuti gawo lina la ntchitoyo wagwira ndi wodula ndi kulumikiza zithunzi, gawo lina woimba nyimbo, gawo lina inuyo amene mukudziwa kale zomwe zamugwera munthuyo. Chotsala chake, chimene wosewera wachita yekha, n'chochepa ndipo chimabisala. Chimenecho ndiye muyenera kuphunzira kuona.

Chimabisala pa kusintha. Musafunse kuti nkhopeyi ikutanthauzanji. Funsani kuti chasintha n'chiyani, ndipo chasintha pa liwu liti la mnzakeyo. Munthu anali kupuma bwinobwino, mnzake watchula dzina linalake, mpweya waima. Anali kuphethira ngati aliyense, ka 15 mpaka 20 pa mphindi, kenaka zikope zangouma. Anali kuseweretsa supuni mu kapu ya tiyi, dzanja laleka. Palibe pano chimene chili pa mndandanda wanu uja, koma woonera aliyense wamva kuti dzinalo labaya.

Ndondomeko yake nayo ndi yofunika. M'moyo weniweni ganizo limayamba kuoneka m'maso, kenaka munthu amakoka mpweya, dzanja limanyamuka, mawu amabwera pomalizira kapena limodzi ndi dzanjalo. Wosewera amene akungokumbukira zolembedwa amatembenuza: amayamba walankhula kuti "choka pano", kenaka chala chikuloza kukhomo mochedwa. Kuchedwako sikufika ngakhale theka la sekondi, koma n'kokwanira kuti oonera aleke kumukhulupirira, ngakhale sangathe kunena chalakwika. Kudabwa nakonso sikukhalitsa. Nsidze zikakwera, pakamwa n'kutseguka, pasanathe sekondi pamayenera kulowa china, kaya mantha, kaya chimwemwe, kaya mkwiyo. Wodabwa kwa masekondi anayi ndiye kuti akudikira kuti wina akuwe kuti "cut".

Mudzamvanso anthu ophunzitsa pa YouTube akunena kuti 93 peresenti ya uthenga imadutsa m'thupi ndi m'kamvekedwe ka mawu, mawu enieniwo ndi 7 peresenti yokha. Nambala zimenezi zinachokera pa kafukufuku wa Albert Mehrabian wa mu 1967, ndipo iye ankayesa liwu limodzilimodzi, kuona chomwe anthu amakhulupirira liwulo likasemphana ndi nkhope kapena kamvekedwe. Sankanena za nkhani yonse ya anthu awiri. Zikanakhala zoona, bwenzi tonse tikumva masewero a Chivenda pa SABC popanda mawu olembedwa pansi aja. Ine zimandinyansa chifukwa ana ambiri akulipira ndalama za makalasi n'kumaphunzitsidwa kukwinya nkhope m'malo mophunzitsidwa kumvetsera.

Za kuchulutsazo musadzide nazo, zili ndi gwero. Ife tinakulira sewero la pa wailesi ndi la pa siteji. Sewero la Sabata Ino pa MBC linkadalira mawu okhaokha, ndiye wokwiya ankayenera kumveka kuti wakwiya, wolira kumveka kuti akulira. Mipikisano ya masewero ya ATEM m'masekondale, magulu ngati Wakhumbata wa malemu Du Chisiza Jr., onsewa ankasewerera holo yodzaza, momwe wokhala kumbuyo kwenikweni ayenera kuona dzanja lako. TV kwathu inafika mu 1999. Luso limenelo ndi lenileni ndipo ku Market Theatre ku Newtown lingakudyetseni. Koma pa close-up nkhope yanu yokha yadzaza sikirini, woonera ali ngati wakhala nanu pa mpando umodzi wa mu taxi. Nsidze zimene pa siteji zimangooneka kuti zagwedera, apa zimalumpha ngati chule. Mutu ukasunthira kutsogolo masentimita ochepa, maso achoka kale pamene lenzi inalunjika, chithunzi chachita mbuu.

Ndiye atakuuzani kuti mwachulutsa munachita zimene aliyense amachita: munaumitsa nkhope. Apo ndiye mpamene inafera. Kukhala phee ndi kuuma n'zosiyana. Wouma akudziyang'anira yekha, mumtima akuti ndisagwedeze nsidze, ndisagwedeze mutu, ndipo maso ake amaoneka kuti ayang'ana mkati. Wokhala phee akufuna kanthu kwa mnzakeyo, akudikira yankho, akuyeza ngati bodza lake lalowa. Sanford Meisner, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Neighborhood Playhouse ku New York, anamanga maphunziro ake pa mfundo yomweyi: chotsani maganizo pa inu nokha, muwaike pa mnzanuyo. Ophunzira awiri ankangobwerezabwereza chiganizo chimodzi mpaka ataleka kusewera n'kuyamba kuyankhana.

Komanso amene anaonerako gule wamkulu sayenera kuuzidwa kuti nkhope si zonse. Chinyau sichisintha, chinasemedwa kale, koma bwalo lonse limadziwa kuti chilombo chakwiya kapena chikuseleula, ana n'kubalalika. Zimachokera m'mapewa, m'kapendekedwe ka khosi, m'kapondedwe ka phazi, mu liwiro lotembenukira. Pa chithunzi chotalikira, pamene thupi lonse likuoneka, muziwerenga zomwezo: kulemera kwa thupi kuli pa mwendo uti, chifuwa chaloza kwa mnzake kapena kukhomo, pakati pa awiriwo patsala mtunda wotani ndipo ndani akuuchepetsa.

Koma chimene chandikhudza ndi china, nkhani ya kuzolika, ndipo ndikukayikira kuti ndicho chikukupwetekani kwambiri. Mwana woleredwa bwino kwathu sayang'ana wamkulu m'maso. Amazolika, amalandira ndi manja awiri kapena kugwirizira dzanja pa mkono, mtsikana amagwada. Ndi ulemu, ndipo palibe chochititsa manyazi. Vuto n'lakuti kamera nthawi zambiri imakhala pa msinkhu wa maso, ndiye mukazolika imangojambula zikope ndi mphumi. Wosankha osewera amene sanakulire mwambo wathu amalemba kuti mulibe mphamvu, kapenanso kuti mukuoneka ngati mukubisa kanthu. Chikhulupiriro choti wabodza amathawitsa maso n'chofala, koma n'chopanda maziko: Charles Bond ndi Bella DePaulo atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2006 anapeza kuti anthu amalondola 54 peresenti yokha pozindikira bodza, kusiyana pang'ono ndi kuponya ndalama m'mwamba. Koma oonera amakhulupirira zimenezo, ndipo inu mukusewerera oonerawo.

Pamwamba pa mwambowo palinso thupi limene ambiri a ife tinaliphunzirira kuno. Thupi la pamaso pa bwana, la pa mzere wa mapepala, la mu taxi pamene sukufuna kuti Chizulu chako chikuulule: mapewa opindikira mkati, kumwetulira kopepesa usanalakwe, mutu kugwedezera kuvomera mnzako asanamalize. Limakusunga pa ntchito, koma limakutsatira mpaka mu odishoni, ndiye akakupatsa gawo la loya kapena la mayi wolamula nyumba, mawu akulamula pomwe thupi likupempha. Ine ndimati musataye ulemu wathu, muusandutse chida. Kuzolika mwadala, pa liwu limodzi losankhidwa, kenaka n'kudzutsa maso pang'onopang'ono, n'chinthu champhamvu chimene anzanu ambiri pa mzere wa odishoni alibe. Kuzolika kwa chizolowezi kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndiko kukudyerani ntchito.

Misozi ndi kumwetulira

Osewera atsopano amalimbana kuti misozi ituluke. Munthu weniweni amalimbana kuti isatuluke, makamaka pagulu, ndipo nkhondo imeneyo ndi imene imaliza oonera. Yang'anani pakhosi akameza malovu, chibwano chikayamba kunjenjemera, milomo ikapanikizana, mpweya ukamalowa moduladula. Nsonga za nsidze za pafupi ndi mphuno zimakwera, ndipo ndi anthu ochepa amene amatha kuzikweza mwadala. Msozi wokhawo si umboni wa luso, poti odzola nkhope ali ndi kamtengo ka menthol kopaka pansi pa diso, ndi glycerine yodonthezera patsaya.

Kumwetulira kwenikweni kumagwira minofu iwiri: wokoka ngodya za milomo ndi wozungulira diso, umene umakweza masaya n'kupanga timakwinya m'mbali. Dokotala wa ku France, Guillaume Duchenne, analemba zimenezi mu 1862, ndipo Paul Ekman ndi Wallace Friesen atakonza njira yawo yowerengera minofu ya nkhope, FACS, mu 1978, anaipatsa manambala 12 ndi 6. Koma alipo ambiri otha kufinya maso mwadala, ndiye chodalirika ndi kazimidwe kake. Kochokera mumtima kumazilala pang'onopang'ono. Kwa ulemu chabe kumathima ngati magetsi nthawi ya load shedding, mnzakeyo akangotembenuka. Katswiri amagwiritsa ntchito konse kuwiri, ndipo kwabodzako amakuchita mwadala kuti inu muone zimene mnzake mu sewerolo sakuona.

Mkwiyo ndidutsapo msanga. Wokuwa ndi wosavuta ndipo sutopetsa kuchita, umatopetsa kuonera. Woopsa umachepetsa zonse: milomo imapyapyala, nsagwada zimalimba, mawu amatsika, munthu amaika kapu patebulo mosamala kwambiri.

Chenjezo limodzi pa masewero a tsiku ndi tsiku awa ojambulidwa m'masitudiyo monga a SABC ku Auckland Park kapena Sasani ku Highlands North. Amajambula ndi makamera angapo nthawi imodzi, mothamanga, ndipo kumapeto kwa chigawo wosewera amagwira nkhope kwa masekondi angapo kuti pakhale podulira asanalowe malonda. Imeneyo ndi ntchito ya mu situdiyo. Mukaitengera ku odishoni ya filimu adzakuuzaninso kuti mwachulutsa.

Kaoneredwe kophunzirira n'kosavuta, kungoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani chigawo cha mphindi ziwiri cha anthu awiri. Koyamba onerani mwa nthawi zonse. Kachiwiri tsekani mawu, muziyang'ana amene sakulankhula yekhayo. Kachitatu chepetsani liwiro mpaka 0.5, mulembe pamene mpweya, maso kapena manja zasintha ndi liwu lomwe lachititsa. Pa kompyuta, mukaimitsa vidiyo ya YouTube, mabatani a koma (,) ndi mpumiro (.) amasuntha chithunzi chimodzichimodzi. TV ya kuno imayenda zithunzi 25 pa sekondi, filimu 24, ndiye muona zimene diso linaphonya. Tsiku lina kakhaleni ku Park Station pofikira mabasi a ku Malawi, foni ili m'thumba, muone mmene munthu amene sanaone mwana wake zaka zisanu amaimira basi ikamakhota.

Za self-tape yanu, vidiyo yodzijambula nokha n'kutumiza kwa osankha osewera, musanaimbe mlandu nkhope yesani kaye kuwala. Babu la kudenga limaponya mthunzi m'maso, ndipo khoma loyera kumbuyo kwanu limapangitsa foni kudetsa nkhope yakuda mpaka maso osaoneka. Yang'anani kuwindo, kumbuyo kukhale khoma kapena nsalu yotuwa, dinani nkhope pa sikirini mpaka kuwala kukhazikike, muonetsetse kuti m'diso lililonse muli kadontho kowala. Foni igone chopingasa pa msinkhu wa maso, ijambule kuyambira pachifuwa mpaka pamwamba pang'ono pa mutu. Wokuwerengerani mawu a mnzanu wa mu sewerolo aime pambali penipeni pa foni, inu muyang'ane diso lake limodzi, la kufupi ndi kamera. Mawu a Chingerezi kapena Chizulu muwaloweze mpaka muziwanena mukutsuka mbale, apo ayi maso azithawira kudenga kukawafuna. Musanajambule, sewerani chigawocho kamodzi m'Chichewa ndi mawu anuanu, kenaka mubwerere ku zolembedwazo osasintha kapumidwe. Jambulani katatu, muonere mawu atatsekedwa, mutumize imene mukuoneka kuti mukumvetsera.