Ufa wa cham'mwamba ungalowe m'malo mwa mapiritsi a amayi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Zomba. Akuti: "Amayi anga ali ndi shuga, amamwa metformin ndi mapiritsi a BP. Wogulitsa wina wawauza kuti ufa wa cham'mwamba uli ndi ma antioxidant ambiri, umateteza chiwindi ndi kutsuka magazi, ndiye akhoza kusiya mapiritsi. Kodi n'zoona?"

Achemwali, chonde amayi asasiye mapiritsi. Cham'mwambacho adye ndithu, ine ndimachikonda, koma adye ngati ndiwo.

Pa nkhani ya ma antioxidant wogulitsayo sananame. Thupi likamasandutsa chakudya kukhala mphamvu, pamatuluka tizinthu tolusa totchedwa ma free radical, timene timawononga maselo pang'onopang'ono. Fodya, utsi wa nkhuni kukhitchini, mowa ndi shuga wokwera zimatichulukitsa. Ntchito ya ma antioxidant ndi kutithetsa ukali tisanavulaze kanthu. Mukadula peyala n'kulisiya pambale limada, koma mukafinyirapo ndimu limachedwa kuda. Vitamini C wa m'ndimumo ndiye wagwira ntchito imeneyo. M'masamba a cham'mwamba muli vitamini C, muli beta-carotene amene thupi limasandutsa vitamini A, mulinso ma antioxidant ena otchedwa quercetin ndi kaempferol.

Funso lenileni ndi lakuti mawu akuti "chimateteza" amachokera kuti. Kafukufuku wambiri amachitikira mu labotale. Amaviika masamba mu mowa waukali, n'kuumitsa madziwo mpaka patatsala mankhwala okhathamira. Kenako amadonthezera mu kabotolo ka mankhwala otchedwa DPPH, a mtundu wa pepo, ndipo akasanduka achikasu amalemba kuti chomerachi chili ndi mphamvu. Ena amatenga makoswe, kuwapatsa zinthu zowononga chiwindi monga panado wopyola muyezo, n'kuona kuti amene analandira cham'mwamba sanavulale kwambiri. Zimenezi ndi zolimbikitsa, sindikukana. Koma mlingo umene khoswe amalandira, poyerekeza ndi kukula kwa thupi lake, nthawi zambiri umaposa kutali supuni imene amayi amathira m'phala. Pa anthu, kafukufuku amene alipo ndi wa magulu ang'onoang'ono ndiponso wa nthawi yochepa. Mwina shuga anatsika pang'ono, mwina sanasinthe n'komwe.

Ndipo si nthawi zonse pamene kuchuluka kwa antioxidant kumathandiza. Ku Finland anayesa mapiritsi a beta-carotene pa amuna osuta fodya pafupifupi 29,000, poganiza kuti awateteza ku khansa. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inali itakwera ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa mapiritsiwo. Masamba ndi zipatso sizinapezeke ndi vuto lotere. Vuto limabwera munthu akachotsa chinthu chimodzi m'chakudya n'kumachimwa chochuluka tsiku ndi tsiku.

Chimene chimandiopsa ndi chakuti shuga ndi BP zimadya munthu mwakachetechete. Amayi akhoza kusiya mapiritsi n'kumamva bwinobwino kwa miyezi, aliyense n'kumatamanda ufa uja, pamene impso ndi maso zikuwonongeka. Mudzadzidzimuka ndi sitiroko kapena chilonda chakuphazi chosapola. Mbali inanso, ngati tsiku lina adzawapatsa mankhwala ena otsitsa shuga monga glibenclamide kapena insulin, ufa wochuluka ukhoza kuthandizira kutsitsa shuga mopitirira. Mukaona akunjenjemera, akutuluka thukuta, akuchita chizungulire, apatseni chotsekemera msanga ndipo pitani nawo kuchipatala. Mizu ndi makungwa a cham'mwamba zisiyeni. Kwa mayi woyembekezera ndiye zoopsa zedi, chifukwa zikhoza kuyambitsa kubereka nthawi isanakwane.

Tsono masambawo ndi ndiwo zabwino kwabasi. Mtengowu kwawo ndi ku India, koma ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja unakhazikika kalekale, moti nthambi yongozika pansi imaphuka. Pululani masamba anthete, tsukani, muwaphike pang'ono chabe ndi tomato ndi nsinjiro. Mafuta a m'nsinjiromo amathandiza thupi kutenga beta-carotene uja. Ngati mukufuna ufa, yanikani masamba pa lichero pamthunzi, podutsa mphepo, mpaka azithetheka mukawafinya. Dzuwa limapha mavitamini, ndipo mudzaona masamba atasanduka otuwa. Sinjani mumtondo wouma, sefani, sungani m'botolo lotseka bwino. Ufa wabwino umakhala wobiriwira ndithu, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake ndi mapuloteni. Kwa agogo osowa chilakolako cha chakudya, supuni yaing'ono m'phala si yochepa.

Za wogulitsayo, mankhwala m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo munthu wouza wodwala kuti ataye mankhwala akuchipatala mukhoza kukamunenera kumeneko. Tsiku la kiliniki likafika, perekezani amayi. Mutenge buku lawo lakuchipatala ndi paketi ya ufayo, muwaonetse adokotala, muwauze kuchuluka kwa umene amayi amamwa patsiku, ndipo mupemphe kuti awayeze shuga ndi BP tsiku lomwelo.