Sankhani mento, ndipo zoimbira apange okha anawo

Aphunzitsi, mwafunsa mmene mungaphunzitsire ana a Sitandade 5 nyimbo zachikhalidwe za ku Caribbean pamene sukulu yanu ilibe choimbira ngakhale chimodzi. Malangizo anga ndi akuti musankhe mento ya ku Jamaica, chifukwa inakulira m'midzi, pakati pa zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo kuno ku Africa, ndipo zida zake zambiri eni akewo ankapanga okha. Mento ndiyo inatsogola, nyimbo zina za ku Jamaica za ska ndi reggae n'kubwera pambuyo. Anawo asaisokoneze ndi calypso, imene kwawo ndi ku Trinidad, ngakhale kuti m'zaka za m'ma 1950 oimba ambiri a mento ankadzitcha a calypso pofuna kukopa alendo.

Mtima wanga uli pa chida chotchedwa rumba box, bokosi lamatabwa lokhala ndi bowo kutsogolo, pamene amamangirirapo tizitsulo topyapyala. Woimba amakhala pamwamba pa bokosilo n'kumakhwatcha tizitsuloto ndi zala, ndipo timalira mawu a besi. Ana akadzati imeneyi ndi kalimba yaikulu musadzawatsutse, pakuti zida ziwirizi n'zapachibale ndithu. Pemphani kalipentala akukhomereni bokosi limodzi, mupeze zitsulo zomangira mabelo a kaunjika, muzidule mosiyana kutalika ndi kuzipala m'mbali kuti zisacheke zala. Mudzaone nkhope ya mwana pamene wazindikira yekha kuti kachitsulo katali kakulira mawu aakulu kuposa kakafupi. Ana otsalawo aike timiyala m'mabotolo apulasitiki kuti akhale maseche.

Kayendedwe ka nyimbo kaphunzitseni ndi m'manja. Awerenge 1-2-3, 1-2-3, 1-2, akuomba pa 1 aliyense, poyamba mwapang'onopang'ono kufikira matupi atayamba kugwedezeka okha.

Chenjezo langa lili pa mawu. Nyimbo zambiri za mento zili ndi zining'a za akuluakulu zobisika m'chinenero cha ku Jamaica chotchedwa Patois, choncho muzimvetsere nokha kunyumba musanapite nazo m'kalasi. Chimene ndingakonde koposa n'chakuti anawo apeke yawo m'Chichewa, popeza mento imaimba mwanthabwala zochitika za tsiku ndi tsiku. Aimbe za mbuzi imene yadya ndiwo zamasamba m'dimba la sukulu kapena za kukwera mtengo kwa sopo, mmodzi akutsogolera, ena onse akuvomera, wa pa bokosi uja akuwagwirira besi.